Musanagule seva ina, onani kaye ngati ma core onse akugwira ntchito

Mwezi wa Meyi, msika wa soya utangotsegulidwa, ngolo ndi njinga zinafola mpaka kumsewu pa nkhokwe ya koparetivi ina kufupi ndi Kamwendo kuno ku Mchinji. Masikelo onse anayi anali abwinobwino, anyamata oyeza analipo, koma mzere sunkasuntha. Mlembi akalemba makilogalamu pa foni n'kudina kuti risiti ituluke, kachizindikiro kankangozungulira. Mayi wina amene anafika mbandakucha ndi matumba atatu anali atakhala pa thumba lake, mwana ali kumsana, dzuwa lili paliwombo, akudikira kapepala kamodzi.

Msungichuma wa koparetiviyo anandikokera pambali. "Achimwene, kompyutayi yatopa. Atiuza kuti tigule ina ya ma core 8. Komiti ikumana Loweruka, inu mungotiuza kuti tigule iti." Ndinawayankha kuti, "Bambo, ndiloleni ndiyambe ndaiona kaye ndalama za alimi zisanatuluke."

Inali seva yawo, kompyuta imene mafoni a alembi amalumikizana nayo: ya pa desiki, ya ma core 4 (tizigawo ta purosesa, ubongo wa kompyuta, kalikonse kogwira ntchito pakokha) ndi RAM ya 8 GB (malo osungira zimene ikugwira pa nthawiyo), ili ndi Windows 10. Amene anaikonza poyamba anaikamo nginx, pulogalamu yolandira mapempho a mafoni, ndi PHP, imene imayendetsa pulogalamu ya marisiti. Nditatsegula Task Manager, imene imaonetsa zimene kompyuta ikuchita, ndinapeza pulogalamu imodzi, php-cgi.exe, itaima nji pa 25 peresenti, osakwera osatsika. Pa makina a ma core 4, nambala imeneyi ikutanthauza kuti core imodzi yadzaza ndipo zitatu zikungokhala. Core ili ngati sikelo. Mutha kukhala nawo anayi, koma ngati woyeza ndi mmodzi, matumba adzakwera limodzilimodzi basi. Akanagula ya ma core 8, nambala ija ikanatsika kufika pa 12 kapena 13, mzere n'kufupika pang'ono chabe chifukwa core yatsopano imathamangirapo, koma ndalama zambiri zikanapita pa masikelo ongogona.

Zimene tinachita pa makina amenewo ndi zimene ndikulemba pano, mwa ndondomeko yake, kuti zithandize aliyense amene akusamala seva ya sukulu, ya chipatala chaching'ono, ya SACCO kapena ya bizinesi.

Yambani ndi kuwerenga zimene muli nazo

Pa Linux, imene imayendetsa kompyuta monga imachitira Windows, lembani `nproc` pa zenera lolembapo malamulo, ikuuzani kuchuluka kwa ma purosesa amene makina akuona. Musaikhulupirire yokha. Lembaninso `lscpu` n'kuona mizere iwiri, wa "Core(s) per socket" ndi wa "Thread(s) per core". Ma purosesa ambiri a Intel ali ndi Hyper-Threading, imene imachititsa core imodzi kuoneka ngati ziwiri, ndiye `nproc` itha kunena 8 pamene ma core enieni ndi 4. Zili ngati woyeza wa manja achangu amene amayamba kumasula thumba lachiwiri loyamba likadali pa sikelo: ntchito imafulumirako, koma munthuyo ndi mmodzi yemweyo. Kenako `free -h` ikuonetsani RAM, ndipo `cat /etc/os-release` ikuuzani dzina ndi nambala ya operating system, pulogalamu yaikulu ija imene imayendetsa makina onse. Lembani zonsezi m'kope.

Tsopano dikirani nthawi imene anthu amadandaula, osati usiku kulibe aliyense. Tsegulani `top`, imene imaonetsa mmene makina akugwirira ntchito, n'kudina 1 kuti core iliyonse ikhale pa mzere wake. Ikadzaza imodzi yokha, vuto lili pa makonzedwe a pulogalamu, ndipo likonzeka popanda kugula kanthu. Zikadzaza zonse, pamenepo ndiye nkhani yowonjezera ma core ingayambe kumveka. Ngati zonse zikungokhala koma nambala ya `wa` ili pamwamba, makina akudikira disiki, ndipo SSD, disiki yothamanga kwambiri, ithandiza kuposa purosesa. Ngati `free -h` ikuonetsa swap (malo a pa disiki ogwiritsidwa ntchito RAM ikadzaza) ikudyeka, RAM yachepa. Palinso vuto lina lovuta kuliona: ma core ali phee, disiki ili phee, RAM ilipo, koma tsamba likuchedwabe. Pamenepo pali chinthu chimene aliyense akuchidikira pa khomo limodzi, ndipo tifikako pa nkhani ya database, pulogalamu yosunga mabuku onse.

Pa Windows chenjerani ndi zithunzi za ma core mu Task Manager. Windows imasamutsa ntchito imodzi kuchoka pa core ina kupita pa ina, ndiye zonse zinayi zitha kuoneka zikugwira pang'onopang'ono. Pitani pa Details, muone ngati pali pulogalamu imodzi yoima pa 25, kapena pa 50 ngati ma core ndi awiri.

Yezani musanakhudze kanthu

Anthu ambiri amalumpha pamenepa, kenako sadziwa ngati zimene asinthazo zathandiza. Pa laputopu ina, osati pa sevayo, ikani phukusi la `apache2-utils`. Mulimo kapulogalamu kotchedwa `ab`:

`ab -n 2000 -c 50 http://192.168.1.10/mndandanda.php`

Lamuloli likupempha tsambalo ka 2000, mapempho 50 nthawi imodzi. Sankhani tsamba limene limawerengadi mu database, osati tsamba loyamba la chithunzi ndi moni. Musasankhe tsamba lolemba marisiti pa database yeniyeni, mungadzaze mabuku a koparetivi ndi matumba abodza. Pa zotsatira lembani zinthu zitatu: "Requests per second", "Failed requests", ndi mzere wa 95% umene uli kumunsi. Mzere wa 95%, woonetsa nthawi imene mapempho 95 pa 100 aliwonse sanaipitirire, ndi umene ndimauyang'ana kwambiri, chifukwa umanena za anthu amene adikira nthawi yaitali, ngati mayi uja wa pa thumba. Mukasintha chinthu chimodzi, yezaninso. Chimodzi chokha, osati zitatu pakamodzi.

Mafunso awiri okhudza operating system

Loyamba: kodi eni ake akuisamalabe? Operating system iliyonse ili ndi tsiku limene amasiya kutseka mabowo ake achitetezo. Microsoft inaika 14 Okutobala 2025 kukhala tsiku lomaliza la Windows 10, ndipo Windows Server 2012 R2 inatha mu Okutobala 2023. CentOS 7, mtundu wa Linux umene uli pa maseva ambiri akale, inatha pa 30 Juni 2024. CentOS 8 inadulidwa msanga, kumapeto kwa 2021, ndipo n'chifukwa chake AlmaLinux ndi Rocky Linux zinayamba chaka chomwecho kuti amene anazolowera banja la Linux la Red Hat akhale ndi kolowera. Ubuntu, mtundu wina wa Linux, imatulutsa ya LTS, yosamalidwa nthawi yaitali, mu Epulo pa zaka ziwiri zilizonse n'kuisamala zaka zisanu: 20.04 inatha mu Meyi 2025, 22.04 ifika 2027, 24.04 ifika 2029. Debian 12, mtundu winanso wa Linux, inatuluka mu Juni 2023, Debian 13 mu Ogasiti 2025. Ubuntu zina zija zopanda LTS, monga 23.10, zimasamalidwa miyezi 9 yokha, ndiye musaziike pa seva. Makina osunga maina a alimi, manambala a foni ndi ndalama zimene aliyense akuyembekeza sayenera kukhala pa operating system yotha nthawi, ngakhale akuyenda bwino chotani.

Funso lachiwiri ndi limene anthu safunsa: kodi pulogalamu ya seva imene mwasankha imagwira ndi mphamvu zake zonse pa operating system imeneyo? Kungoyaka sikokwanira. Apa ndi pamene koparetivi ija inagwera.

Pa maseva akale, munthu aliyense wolumikizana ankapatsidwa wantchito wakewake. Mu 1999 Dan Kegel analemba za vuto limene analitcha C10K, loti seva imodzi ingasamale bwanji anthu 10,000 nthawi imodzi. Yankho linachokera mkati mwa operating system. FreeBSD, operating system ina, inabweretsa kqueue m'chaka cha 2000, Linux inabweretsa epoll patapita zaka zochepa. Njira ziwirizi zimalola wantchito mmodzi kuyang'anira anthu zikwizikwi, operating system n'kumamuuza yekhayo amene ali ndi chonena pa nthawiyo, m'malo moti azizungulira kufunsa aliyense. Igor Sysoev anamanga nginx pa maziko amenewa n'kuitulutsa mu 2004. Netflix imatumiza makanema ake kudzera pa makina a FreeBSD okhala ndi nginx.

Windows ilibe epoll kapena kqueue. Ili ndi njira yakeyake yabwino, imene IIS, pulogalamu ya seva ya Microsoft, imagwiritsa ntchito, koma nginx ya pa Windows siigwiritsa. Eni ake a nginx amanena okha kuti ya pa Windows ikadali yoyesera, ndipo ngakhale mutayatsa antchito angapo, ndi mmodzi yekha amene amagwiradi ntchito. PHP-FPM, imene imagawira ntchito ya PHP kwa antchito ambiri, pa Windows palibe. Gunicorn, imene imagwira ntchito yomweyo pa mapulogalamu a Python, nayonso siyenda kumeneko. Choncho ngati pali chifukwa chenicheni chokhalira pa Windows, monga pulogalamu yolembedwa mu ASP.NET yakale, tengani Windows Server ndi IIS. Koma ngati pulogalamu yanu ndi ya PHP, Python kapena Node.js, malangizo anga ndi Ubuntu LTS kapena Debian. FreeBSD ndi yolimba ndipo ndimailemekeza, koma ganizirani tsiku limene inu mudzakhale ku maliro ku Mkanda seva itazima: n'kosavuta kupeza mnyamata wodziwa Ubuntu pa boma kapena ku Lilongwe kusiyana ndi wodziwa FreeBSD. XAMPP, imene ambiri tinaphunzirira, anaipangira kuyeserapo pa laputopu, osati kusunga ntchito yeniyeni.

Ife sitinafufute Windows tsiku lomwelo. Tinagula SSD, tinachotsa disiki yakale n'kuisunga mu kabati ili yonse, ndipo Ubuntu 24.04 tinaiika pa SSD Lamlungu masana nkhokwe itatseka. Zikanavuta, kubwezera disiki yakale ndi ntchito ya mphindi zisanu. Mukatha kusankha nthawi, ntchito yotere ichitike mu Januwale kapena Febuluwale, mbewu zili m'munda, osati msika uli mkati ngati mmene tinachitira ifeyo mokakamizika.

Konzani pulogalamu yolandira alendo

Ngati ndi nginx, tsegulani `/etc/nginx/nginx.conf`. Pamwamba payenera kukhala mzere uwu:

`worker_processes auto;`

Mawu akuti auto akuuza nginx kuti iyatse wantchito mmodzi pa core iliyonse. Phukusi la Ubuntu ndi la Debian limabwera kale chonchi, koma ngati wina anakopera fayiloyi kwina mutha kupezapo 1, chifukwa mzerewu ukapanda kulembedwa nginx imayatsa mmodzi. Musaikepo 20 poganiza kuti ambiri ndiye bwino. Wantchito wa nginx sadikira munthu, ndiye oposa ma core amangolimbirana malo. Pansi pake pali `worker_connections`, imene pa Ubuntu imakhala 768. Chulukitsani ndi ma core 4, mupeza kuti ikukwanira nkhokwe iliyonse ya m'boma lino. Mukadzaona mawu akuti "worker_connections are not enough" kapena "too many open files" mu `/var/log/nginx/error.log`, kwezani nambalayo kufika 2048 n'kuwonjezera `worker_rlimit_nofile 8192;` pamwamba, pokumbukira kuti mlendo mmodzi amene akupititsidwa ku PHP amadya malo awiri. Nthawi zonse lembani `sudo nginx -t` musanalembe `sudo systemctl reload nginx`, kuti cholakwika chioneke seva isanagwe.

Mukamawerenga za nkhaniyi mudzakumana ndi `reuseport`, imene inalowa mu nginx 1.9.1 mu 2015 potsamira pa zimene Linux 3.9 inabweretsa, komanso `worker_cpu_affinity`, imene imamangirira wantchito pa core yake ndipo imagwira pa Linux ndi FreeBSD pokha. Ndi zida zenizeni, koma ndi za maseva olandira mapempho zikwi makumi pa sekondi. Pa msinkhu wathu zisiyeni.

Ngati ndi Apache, pulogalamu ina yolandira alendo, lembani `apachectl -V | grep MPM`. Apache inayamba mu 1995 ndipo ili ndi njira zitatu zogawira ntchito pa Linux: prefork, worker ndi event. Mukaika PHP mkati mwa Apache, Ubuntu imakubwezerani ku prefork, mmene mlendo aliyense amagwira wantchito wathunthu, ndi PHP yake yonse ili mu RAM, mpaka atamaliza. Prefork imagwiritsa ntchito ma core onse, vuto lake lili pena. Mlembi wa depoti ya kufupi ndi malire a Mwami, kumene foni imakoka netiweki mwa apo ndi apo, amatenga masekondi ambiri kuti alandire tsamba limene PHP inalimaliza kalekale. Nthawi yonseyo wantchito uja waima, wagwira RAM, sakuthandiza wina. Akachuluka otere, malo amatha ma core ali chikhalire. Kwathu kuno, kumene ambiri amalowa pa foni ndi netiweki yofooka, ichi ndi chifukwa chachikulu chochokera pa prefork. Pa Ubuntu 24.04:

`sudo apt install php8.3-fpm`
`sudo a2dismod php8.3 mpm_prefork`
`sudo a2enmod mpm_event proxy_fcgi setenvif`
`sudo a2enconf php8.3-fpm`
`sudo systemctl restart apache2`

Pa Debian 12 nambala ndi 8.2, pa Ubuntu 22.04 ndi 8.1. Musanayambe, fufuzani m'mafayilo a `.htaccess` ngati muli mizere yoyamba ndi `php_value` kapena `php_flag`. Mizere imeneyi imagwira pokhapokha PHP ili mkati mwa Apache, ndipo mukaisiya tsamba litha kugwa ndi uthenga wa cholakwika wa 500. Zimene ikunenazo zisamutsireni ku fayilo ya `.user.ini` kapena ku makonzedwe a PHP-FPM.

Antchito a kuseri, kumene ntchito yeniyeni ili

Nginx kapena Apache ndi wolandira alendo chabe. Owerengera mtengo ndi kulemba risiti ali kuseri, ndipo ndi amene amadya purosesa. Pa PHP tsegulani `/etc/php/8.3/fpm/pool.d/www.conf`. Mupeza `pm.max_children = 5`. Ndi mmene imabwerera: anthu asanu okha nthawi imodzi, wachisanu ndi chimodzi adikire. Mu `/var/log/php8.3-fpm.log` imadandaula yokha kuti "server reached pm.max_children setting", koma ndi ochepa amene amatsegula fayiloyo.

Nambala yoyenera musaikopere kwa munthu, iwerengereni. Seva ili pa ntchito lembani `ps -o rss,cmd -C php-fpm8.3`, muone RAM imene wantchito aliyense akudya, mu ma kilobyte. Pa makina athu aliyense ankadya pafupifupi 60 MB. Pa 8 GB tinapatula 1 GB ya Ubuntu ndi nginx, 2 GB ya database, 1 GB yongosungira, n'kutsala 4 GB. Kugawa ndi 60 kukupereka antchito oposa 60. Amenewo ndi malire a RAM, osati nambala yoti muike. Ma core ndi anayi okha, ndipo antchito 60 onse akafuna purosesa nthawi imodzi, aliyense amachedwa. Chifukwa choikira oposa anayi n'choti wantchito wa PHP amataya nthawi yambiri akudikira database, ndiye mnzake agwiritse ntchito core pa nthawiyo. Tinayamba ndi 12, tinayeza ndi `ab`, tinakweza kufika 20, tinayezanso, tinayesa 30 n'kuona kuti palibe chasintha kupatula mzere wa 95% umene unayamba kuipa. Tinabwerera pa 20. Mukasintha nambalayi onaninso `pm.start_servers`, `pm.min_spare_servers` ndi `pm.max_spare_servers`, chifukwa zikapanda kugwirizana PHP-FPM imakana kuyaka. Onetsetsaninso kuti OPcache ndi yoyaka. Yakhala ikubwera ndi PHP kuyambira 5.5, ndipo imachititsa kuti PHP isamawerenge mafayilo omwewo mobwerezabwereza.

Node.js imayendetsa pulogalamu yanu pa core imodzi pokhapokha mutaiuza. Gwiritsani ntchito cluster, kapena PM2 polemba `pm2 start app.js -i max`. Python ili ndi loko wotchedwa GIL amene amalola thread imodzi yokha, kutanthauza mzere umodzi wa ntchito, kuthamanga pa nthawi, ndiye njira yake ndi kuyatsa ma process angapo, kutanthauza antchito angapo a pulogalamu yomweyo. Eni ake a Gunicorn amalangiza kuyamba ndi ma core kuchulukitsa kawiri kuwonjezera 1, kutanthauza 9 pa makina a ma core 4. Python 3.13 ya mu Okutobala 2024 inayamba kuyesa kuyenda popanda GIL, koma musamange mapulani a chaka chino pa zimenezo. Pa zonsezi kumbukirani kuti ma process sagawana zimene ali nazo m'mutu. Ngati pulogalamu imasunga amene walowa mu RAM yake, munthu adzatulutsidwa nthawi iliyonse pempho lake likagwera kwa wantchito wina.

Mlembi mmodzi wa buku limodzi

Lolemba m'mawa mzere unayamba kuyenda, ndipo msungichuma anabwera kudzandigwira chanza. Koma chakumasana, kalaliki wa mu ofesi atatsegula lipoti la zogula za sabata yonse, masikelo onse anayi anaimanso pafupifupi mphindi imodzi. Mu `top` core imodzi yokha ndiyo inali pa ntchito, antchito onse 20 a PHP ali chiimire.

Mu MariaDB, database imene tinkagwiritsa ntchito, lembani `SHOW FULL PROCESSLIST;` pa nthawi ya vutolo. Ife tinapeza mizere yambirimbiri yonena kuti "Waiting for table level lock". Kenako `SHOW TABLE STATUS;` inaonetsa kuti tebulo la marisiti linali la MyISAM, njira yakale yosungira matebulo. MyISAM imatseka tebulo lonse: wina akamawerenga lipoti lalitali, osintha amadikira, ndipo owerenga ena obwera pambuyo pawo amadikiranso. Ndi buku limodzi pa desiki, kalaliki waligwira akuwonkhetsa, oyeza anayi aima ndi timapepala m'manja. InnoDB, njira inayo, imatseka mzere wokhawo umene ukusinthidwa, ndipo owerenga satsekereza olemba. Yakhala yosankhidwa kale mu MySQL, kholo la MariaDB, kuyambira 5.5 mu 2010, koma mapulogalamu akale amabwerabe ndi MyISAM. Ilinso ndi ubwino wina wofunika kwa ife amene magetsi amatizimira mosachenjeza: imadzikonza yokha makina akayakanso, pamene tebulo la MyISAM limatha kuwonongeka.

Yambani mwasunga zonse ndi `mysqldump` kapena `mariadb-dump`, kopelo likhale pa disiki ina, ndipo yesani kulibwezera pa laputopu kuti mutsimikize kuti ndi lamoyo. Kenako, nthawi yopanda anthu:

`ALTER TABLE marisiti ENGINE=InnoDB;`

Mukatero kwezani `innodb_buffer_pool_size`, imene imabwera ili 128 MB yokha. Ife tinaika 2G. Yatsaninso slow query log kwa sabata imodzi kuti muone mafunso ochedwa. Lipoti lija linkawerenga tebulo lonse chifukwa panalibe index, mlozera wothandiza kupeza mizere msanga, pa tsiku logulira, ndipo titaiika linayamba kutuluka kalaliki asanachotse dzanja pa mbewa ya kompyuta. Dziwani kuti mu MariaDB funso limodzi limayenda pa core imodzi, ndiye funso loipa silichira ndi kuchuluka kwa ma core. Ngati pulogalamu yanu ili pa SQLite, imalola wolemba mmodzi pa nthawi. Pa laibulale ya sukulu imene ana amangowerenga palibe vuto, koma pa masikelo anayi olemba pakamodzi ganizirani MariaDB kapena PostgreSQL.

Mapulani a kukula

Gene Amdahl anafotokoza mu 1967 chinthu chimene aliyense wogula makina ayenera kuchiwerengera. Mu ntchito iliyonse muli gawo limene silingagawidwe. Tinene kuti pa mphindi 10 za kugula thumba, 8 ndi za kumasula, kuyeza ndi kusoka, zimene anthu angagawane, koma 2 ndi za kulemba m'buku limodzi lija. Ndi masikelo 4 ntchito imatenga mphindi 4, kufulumira kawiri ndi theka. Ndi masikelo 8 imatenga 3. Ngakhale mutabweretsa 100, simudzatsika pansi pa mphindi 2. Kuchoka pa 4 kupita pa 8 mwalipira kawiri kuti mupulumutse mphindi imodzi. Nditawafotokozera a komiti chonchi, amayi ena amene ndi wachiwiri kwa wapampando anafunsa kuti, "Ndiye bwanji osafulumizitsa kaye wolembayo?" Ndi zomwe tinachita ndi InnoDB ndi index ija.

Choncho mapulani anu alembedwe motsatira zizindikiro, osati motsatira chaka. Lembani kuti: ma core onse akamakhala pamwamba pa 70 kapena 80 peresenti nthawi ya msika kwa masiku angapo, `wa` ili pansi, swap isakudyeka, tidzachita chakuti. Chakuti choyamba chisakhale makina akuluakulu. Samutsani database ipite pa kompyuta yakeyake, kuti PHP itsale ndi ma core onse. Zikadzadzazanso, ikani seva yachiwiri ya PHP, patsogolo pakhale nginx kapena HAProxy yogawa alendo. HAProxy yakhala ikugwiritsa ntchito ma thread angapo kuyambira 1.8 ya mu 2017, ndipo kakompyuta kakang'ono kamaikwanira. Musanafike pamenepo muyenera kukonza zinthu ziwiri, apo ayi maseva awiriwo adzasemphana: za amene walowa zisungidwe mu database kapena mu Redis, pulogalamu ina yosungira zinthu imene onse awiri angaifikire, ndipo mafayilo amene anthu amatumiza, monga zithunzi za ziphaso, akhale pa malo amodzi amene onse awiri akuwaona.

Werengeraninso magetsi. Purosesa ya ma core ambiri ikadzaza imakoka mphamvu zambiri, ndipo batire la sola kapena UPS, batire la kompyuta magetsi akazima, imene inkasunga makina akale maola atatu itha kulephera kufika madzulo. Seva zakale zochokera kunja, zija zazitali zolowa mu kabati yachitsulo, zimakopa chifukwa cha mtengo ndi kuchuluka kwa ma core, koma zimadya magetsi ngakhale zisakugwira kanthu, ndipo fumbi la mtedza mu nkhokwe limatseka mafani ake msanga. UPS yanu ilumikizeni ndi chingwe cha USB, muike `nut` kapena `apcupsd`, kuti seva izizima yokha mwaulemu batire lisanathe.

Ngati mwasankha kubwereka seva pa intaneti, dziwani kuti vCPU, core yobwereka imene amagulitsa, nthawi zambiri ndi thread, osati core yathunthu, ndipo pa mitengo yotsika mumagawana ndi anthu ena. Mu `top` yang'anani nambala ya `st`. Ikamakhala pamwamba nthawi zonse, anansi anu akukudyerani nthawi ya purosesa, ndipo kuwonjezera antchito a PHP sikungathandize. Funsani za ma core osagawana, kapena samukani. Onaninso kutalika kwa ulendo polemba `ping`: seva ya ku Johannesburg imayankha msanga kuposa ya ku London kapena ku America, ndipo kwa mlembi wa pa foni kusiyana kumeneko kumamveka pa kudina kulikonse. Ubwino wa seva yobwereka pa ntchito ya nyengo ngati yathu ndi woti mutha kukweza ma core mu Epulo n'kuwatsitsa mu Seputembala, bola musakuze disiki, chifukwa ambiri salola kuichepetsanso. Mukakweza, `worker_processes auto` idzadziwerengera yokha nginx ikayakanso, koma `pm.max_children`, antchito a Gunicorn ndi `innodb_buffer_pool_size` muyenera kuzikweza ndi manja n'kuyezanso ndi `ab`.

Pa koparetivi ija tinamata pepala m'mbali mwa kompyuta. Palembedwa Ubuntu 24.04 ndi chaka cha 2029, nambala zitatu za `ab` za tsiku limene tinamaliza, malo amene disiki yakale ili, ndi lamulo lobwezera database. Mu Febuluwale tidzayezanso tsamba lomwelo ndi lamulo lomwelo, chifukwa komiti ikufuna kutsegula madepoti ena awiri chakumpoto, ndipo alembi akafika khumi ndi awiri database iyenera kukhala itasamukira kale pa makina ake.